A Fabiano Anati Injini Ilibe Vuto

Chaka cha 2012 ine ndinali ndi zaka 61, alamu anga a Fabiano anali ndi zaka 73. Ndi chaka chimene tinaika mlongo wanga Sesiliya, mkazi wawo. Ndi chaka chomwechonso chimene a Fabiano anaima pa mtunda wopita kwawo, pamaso pa anthu a maliro, n'kunena kuti injini ya galimoto ya mwana wawo ilibe vuto, chonsecho injiniyo inkagogoda moti ngakhale ine wosadziwa zitsulo ndinaimva. Amwalira mwezi watha. Mawu amenewo apita nawo osawabweza.

Pa maliro awo anthu analankhula zambiri. Anati anali munthu wofatsa. Sanali wofatsa. Anati ankakonda anthu onse. Ankakonda injini ndi mlongo wanga, enafe ankangotipirira. Ine ndakangana nawo kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi, ndipo ndimawadziwa kuposa aja ankawayamikira kumanda. N'chifukwa chake ndalemba izi, kuti zidzukulu za mlongo wanga zidziwe munthu amene zinachokera kwa iye.

Ntchito anaiphunzirira ku Phiri la Dedza, kumene amadula mitengo ya paini. Sanayambire pa sipanala. Anayambira kumbuyo kwa thirakitala, kumangirira zipika ndi tcheni n'kumayenda pambali thirakitala ikukoka. Ankati makutu awo ananoledwera kumeneko, chifukwa woyendetsa amangomva phokoso la pamene wakhala, koma woyenda pambali amamva makina onse akubuula. Atapuma ntchito anabwerera kwawo kwa Kaphuka, kumudzi wa pamwamba pa mtunda, kumene mphepo imawomba chaka chonse. Anamanga chisakasa cha malata pansi pa mtengo wa bulugama, n'kupachika tcheni chokwezera injini pa nthambi yake.

Chida chawo chachikulu chinali ndodo ya mlombwa, yotalika ngati mkono. Mbali imodzi inali yakuda ndi oyilo, mbali inayo inali ndi zipsera za mano. Amakaniko ena amaika ndodo kukhutu. Iwo ankailuma. Ankati khutu limamva zambiri, mphepo, agalu, mabodza a mwini galimoto, koma dzino limamva chitsulo chokha. Ankagunditsa nsonga yakudayo pa injini, n'kuluma mbali inayo, n'kutsinzina. Akatero sunkayenera ngakhale kutsokomola. Ankasuntha nsongayo pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba kutsikira pansi, mpaka nkhope yawo itachita tsinya. Pamene yachitira tsinyapo ndi pamene pali matenda.

Mano amenewo ankawasamala kuposa munda. Nzimbe sankadya. Chimanga chokazinga sankachikhudza, ndipo Sesiliya ankachita kuwaphikira chawochawo chofewa, uku akuwanena kuti anakwatiwa ndi khanda la ndevu. Wailesi ya m'galimoto ankadana nayo. Ukabwera nyimbo zikulira, ankayamba wazula waya wake, moni pambuyo. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo galimoto ikadutsa pa msewu ulaliki uli m'kati, umaona mutu wawo ukupendekera kunja. Potuluka sankakumbukira zimene wansembe wanena, koma ankakuuza kuti yadutsa ija ndi ya uje, ndipo mwezi uno siitha isanabwere kwa iwo.

Sankaweruza injini galimoto ili chiimire pabwalo. Limeneli linali lamulo lawo loyamba. Ankati injini yongolira yopanda katundu ili ngati mkamwini sabata yoyamba, ulemu wokhawokha, umpatse khasu ndi munda wa pa mtunda kuti umudziwe. Ankanena zimenezi akundiyang'ana, podziwa kuti ine ndine mkamwini kwa eni. Kuseri kwa chisakasa kunali chigoba cha galimoto yakale, chopanda injini, changotsala matayala ndi chiwongolero. Ukabwera kuti galimoto yako ikulira zachilendo, ankatsitsa chigobacho kumunsi kwa mtunda n'kuchimangirira kumbuyo kwako. Ndiye ankavula nsapato, n'kukhala kutsogolo mapazi ali pa chitsulo, ndodo kumano, nsonga yake pa tsinde la giya. "Kwera," ankatero. Pofika pamwamba amakhala atadziwa.

Maphokoso ankawadziwa monga mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Injini ikamaimba likhweru, mpweya ukuthawa penapake, manga uzipita. Ikamalira ngati kamwana ka mbuzi, ndi lamba. Ikamasokosa pamwamba mofulumira ngati mvula pa malata, dizilo sakulowa bwino, koma ukafika kwanu. Phokoso limodzi lokha ndi limene ankaliopa: kugogoda kwa pansi, kolemera, ngati munthu akusinja mu mtondo kuseri kwa nyumba, kumene kumakula galimoto ikamakoka pokwera n'kuzimirira ikamatsetsereka. Ankati amenewo ndi mabeyaring'i adyeka, tizitsulo timene mtima wa injini umagonapo pozungulira. Zimitsa pompo. Ukaumirira, chitsulo chimathyoka n'kuboola injini, ndipo pamenepo sipakhalanso chokonza. Ndinawamva akuuza anthu zimenezi kambirimbiri, ine nditakhala pa chitsa kudikira kuti amalize tikangane. Ndinaziloweza osafuna.

Za injini sankanama. Za zina ankanama monga tonsefe, za mowa umene amwa ndi za kumene achedwa. Koma msuweni wawo wina atabwera ndi lole imene ankafuna kugulitsa, n'kuwapempha kuti athiremo oyilo wolimba kuti phokoso libisale mpaka wogula atapita, a Fabiano anadikira wogulayo afike n'kumuuza zonse, msuweniyo ali pomwepo. Awiriwo sanadyerenso mbale imodzi mpaka msuweniyo anamwalira. Chifukwa cha zimenezi mawu awo pa galimoto anali chigamulo. Anthu akatsutsana pa msika, wina ankangoti tiyeni kwa a Fabiano, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mkangano wa ine ndi iwo unali umodzi, unkangosintha malaya. Iwo anali Angoni, a makolo aja anachokera kumwera. Kwawo ng'ombe zimapita kwa makolo a mkazi, mkazi n'kutengedwa, ana n'kukhala a bambo. Ife ndife Achewa a cha ku Kabwazi, mudzi wa kumunsi, m'mbali mwa dambo. Kwathu mkazi ndiye mudzi, ndipo ana a mlongo wanga ndi mbumba yanga. Bambo athu analandira ng'ombe za a Fabiano malume athu akukana. Malume atamwalira, kukanako kunatsalira ine.

Ndikakwera kwawo ankandilonjera ali kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

"Alamu! Mwabwera kudzawerenga mbumba yanu? Werengani, sindinadye ndi mmodzi yemwe."

"Ndabwera kudzaona ngati mlongo wanga sanaume ndi chisanu cha kuno."

"Kamufunseni. Ndinamutenga ali ngati bango, lero pakhomo amalowa cham'mbali."

Sesiliya akamva ankatuluka ndi tiyi, n'kutiuza kuti amuna awiri a imvi akamalimbirana nkhalamba imodzi ndiye kuti akusowa chochita.

Iye sanadandaulepo za mwamuna wake. Ankadandaula za mphepo. Zaka zake zomaliza miyendo inkamutupa nyengo ya chisanu, ndipo chaka chilichonse akakolola ankatsika kwathu kudzasesa manda a mayi athu, n'kumazengereza kubwerera. Tsiku lina, ine ndili pomwepo, anati akadzafa adzamuike kotentha. A Fabiano anaseka, nati kotentha kumene iwo amakudziwa wansembe amaletsa kupitako. Kenako analoza ndi ndodo yawo kumanda a kwawo, kumsitu wa kuseri kwa mudzi, nati malo a anthu awiri anawasunga kale, moyandikana, ndipo azidzamufunditsa okha. Sesiliya sanaseke. Anatola makapu n'kulowa m'nyumba.

Anamwalira mu Juni, ku chipatala cha ku boma. Kunja kwa nyumba yachisoni tinakangana kwambiri. Ine ndi mlongo wathu wamng'ono, Rozina, tinati apite kwathu akagone pafupi ndi mayi ake. A Fabiano anati ng'ombe zinapita, mkazi ndi wawo, ndipo wakhala kwawo moyo wake wonse. Ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo anaima ndi iwo. Sindinavomere, koma thupi silikanadikira kuti ife timalize.

Bokosi linakwera mu minibasi ya hayala pamodzi ndi amayi. Amuna tinakwera pikapu ya Damiano, mwana woyamba wa a Fabiano, munthu wa banja lake kale. Pikapuyo inali ya dizilo, yakale koma yosamalidwa, ndipo ndi imene inkadyetsa ana ake. Ankanyamulira kachewere wa alimi kupita naye ku msika wa pa msewu waukulu. Tsiku limenelo tinadzazamo ufa, nkhuni ndi kabichi za pa maliro.

Pali mphambano pamene msewu umagawikira. Wa kumanja umakwera kwawo kwa a Fabiano, wa kumanzere umatsetsereka kwathu. Titangokhotera kumanja, minibasi inazima. A Fabiano anatsika, anasuzumira, nati pampu ya mafuta yafa ndipo siidzuka lero. Palibe anatsutsa. Wina anati tisamutsire bokosi mu pikapu. Rozina anakana. Kwathu bokosi likakwera silitsika panjira, limakatsikira pakhomo pamene likupita. Amayi a kwa a Fabiano nawonso anati n'zoona. Choncho Damiano anatulutsa tcheni, tinamangirira minibasi kumbuyo kwa pikapu, amuna tinatsika kuti tiyende pansi, ndipo anayamba kukoka.

Tisanafike pakati pa mtunda kugogoda kunayamba. Gu, gu, gu, pansi penipeni. Damiano akaponda mafuta kumakula. Ndinayang'ana a Fabiano. Anali ataima kale, mutu utapendekera. Damiano anaimitsa galimoto, ife tinathamanga kuika miyala kumatayala. Amayi a mu minibasi, amene ankaimba nyimbo za mpingo kuchokera ku boma, anasiya pakati pa ndime.

Rozina anatsika akumanga chitenje m'chiuno.

"Akukana," anatero. "Achemwali akukana. Galimoto yoyamba yafera pa mphambano, yachiwiri ikulira pa mtunda womwewu. Mukufuna alankhule bwanji? Atsegule bokosi?"

Tonse pamenepo tinali Akatolika, ndipo mtsogoleri wa mphakati anayesa kunena kuti akufa saimitsa galimoto. Palibe anamumvera. Aliyense wa ife anamvapo za maliro amene anakana njira. Abale awo a Fabiano anayamba kukuwa kuti ife Achewa tachitapo mankhwala. Amuna a kwathu anayankha. Mmodzi anatola mwala umene sunali wa kutayala. Mlongo wanga ali m'bokosi pakati pa msewu, dzuwa likupendeka, anthu akutukwanirana pamutu pake.

Ndinakweza dzanja. Ndine mwini mbumba, anandimvera.

"Pano tili ndi munthu amene sananamepo za injini," ndinatero. "Alamu amve. Akati ndi chitsulo, ine ndikhala woyamba kukankha minibasi iyi mpaka pakhomo pawo, ndipo iwe Rozina utseka pakamwa. Akati si chitsulo, tibwerera."

Ndinalankhula choncho podziwa kuti ndagonja kale. Phokosolo ndinkalidziwa. Linali la mtondo lija, lokula pokwera. Ndinkangofuna mlongo wanga achoke pa msewu.

A Fabiano anapita ku pikapu. Anatenga ndodo yawo kuseri kwa mpando, pakuti sankayenda osainyamula. Anavula nsapato zawo za kutchalitchi n'kuziika pa mwala. Anakhala kutsogolo, nauza Damiano kuti akoke pang'ono. Tinachotsa miyala. Tcheni chinakungika, pikapu inabuula, gu, gu, gu. Anakweza chala, Damiano n'kuima. Anatsika, natsegula boneti injini ikulira. Analuma ndodo. Anayambira pamwamba monga mwa masiku onse, kutsika, kutsika, mpaka anagwada m'fumbi nsonga ili kunsi kwa injini. Ine ndinali pafupi. Tsinya lija ndinaliona.

Anadzuka. Boneti sanatseke. Anayenda motsata tcheni, opanda nsapato, mpaka kumbuyo kwa minibasi, natsegula chitseko. Amayi anapatuka. Anapukuta nsonga ya ndodo pa jekete lawo, naigunditsa pa bokosi cha kumutu, n'kuluma. Anatsinzina.

Mayi wina anayamba kulira mokweza, mnzake anamugwira pakamwa. Enafe tinangoima. Mphepo ya kumeneko inkakupiza jekete lawo. Anakhala choncho nthawi yaitali kuposa imene anakhala pa injini. Atachotsa ndodo kumano anaiika m'khwapa, natembenuka, nalankhula osayang'ana munthu.

"Injini ilibe vuto."

"Bambo," anatero Damiano, "koma ikugogoda."

"Ndati ilibe vuto. Masula tcheni. Amayi ako akupita kwawo."

Mng'ono wawo wa a Fabiano anawagwira phewa. "Achimwene, ng'ombe za bambo zija zinangopita chabe?" Anamuchotsa dzanja ngati akuchotsa kachitsotso pa malaya.

Tinatsitsa minibasi chambuyo ndi manja mpaka pa mphambano, tinamangiriranso, n'kulowera kumanzere. Ine anandiika kutsogolo, pakati pa Damiano ndi bambo ake. Njira yonse ndi yotsetsereka. Kugogoda kuja kunangoti zii. Kumbuyo amayi anayambiranso nyimbo mokweza kuposa poyamba, ndipo ndinamva mawu a Rozina akuti mwaona, mwaona. Damiano ankayendetsa misozi ili chuchuchu. Ine ndinayang'ana pansi. A Fabiano anali atavala nsapato. Tonse awiri tinkadziwa chimene injini yodwala imachita ikamatsetsereka.

Tinamuika mawa lake, pafupi ndi mayi athu. A Fabiano anaponya dothi lawo, anathokoza mudzi monga mwa mwambo, n'kukwera kwawo.

Zotsatira zake ndinazimva kwa Damiano mwini wake. Maliro atangotha bambo ake anamuitana.

"Galimoto iyi usakoke nayo kanthu. Usakwerenso nayo mtunda ili ndi katundu."

"Nanga simunati ilibe vuto?"

"Ndati usakoke."

"Ndiye itseguleni tione m'kati."

"Injini yopanda vuto saitsegula."

Anali atadzimanga okha. Chisakasa chawo chinali pa njira ya kumjigo. Akanapachika injini ya Damiano pa tcheni cha pa bulugama paja, amayi otunga madzi akanaona, ndipo pofika m'mawa abale awo akanatsika kwathu kudzanena kuti mkazi wawo anabedwa ndi bodza. Ena anali atayamba kale kulankhula zokafukula. Manda a mlongo wanga ankaima pa mawu aja a pa mtunda.

Makaniko wina wa ku boma anaimva pikapuyo, nauza Damiano kuti mabeyaring'i atha. Damiano anamuseka. Anati bambo ake anaimva ndi mano, nanga iyeyo ndani. Kuletsa kuja anakutenga ngati mantha a munthu wofedwa. Nyengo yokumba kachewere wa m'dimba itafika, alimi atadzaza matumba, anamangirira ngolo kumbuyo monga ankachitira chaka chilichonse. Pa mtunda wa ku msewu waukulu chitsulo chinathyoka. Chinaboola injini m'mbali, bowo lolowa chibakera, oyilo yense n'kutayikira mu msewu. Kachewere wa eni anachita kudzatengedwa ndi ngolo za ng'ombe, wina atayamba kale kuwola.

Pikapu anaikoka ndi thirakitala mpaka pa chisakasa. Amene analipo akuti Damiano analowetsa dzanja m'bowomo n'kufunsa bambo ake ngati umu namonso muli amayi. A Fabiano anati tsiku la maliro inalibe vuto, za masiku ena sakuzidziwa. Damiano anatenga mkazi ndi ana n'kupita ku Lilongwe kukayendetsa galimoto za eni. Pa Khirisimasi ankatumiza shuga ndi bulangeti. Iye mwini sankabwera.

Mbiri inafala kuti makutu awo afa ndipo mano nawo agwedera. Mawu aja oti tiyeni kwa a Fabiano anasanduka nthabwala ya madalaivala galimoto ikafera panjira. Iwo sanadziteteze. Akanangoti ndinamva koma ndinabisa, dzina lawo likanabwerera tsiku lomwelo. Sanatero. Galimoto zinachepa pa chisakasa, kenako zinasiyiratu kubwera. Abale awo nawonso anawasala. Ankati ndi mwamuna wotani wobweza mkazi kwa Achewa atamwalira.

Ine sindipepesa. Mlongo wanga ali pamene anayenera kukhala, ndipo zitachitikanso lero ndinganene zomwezo kunja kwa nyumba yachisoni. Koma munthu amafuna kudziwa chimene wapambana nacho. Nkhaniyi ndaitembenuza zaka zonsezi. Mwina anaopa kuti injini ifera pa mtunda bokosi lili pa msewu. Koma akanangonena, tikanakankha, amuna tinalipo okwanira. Mwina anakumbukira makapu aja Sesiliya anatola osaseka. Mwina m'bokosimo anamvamodi kanthu. Ine ndine Mkatolika, zimenezo sindinena.

Chaka chatha ndinakwera kukawafunsa. Ndinawapeza atakhala pa chitayala padzuwa, atafunda bulangeti la Damiano. Tsopano anali atagonthadi. Ndinachita kukuwa.

"Alamu! Tsiku lija pa mtunda, munamva chiyani?"

"Mbumba yanu? Kuno kulibe. Kawerengereni ku Lilongwe."

"Ndati munamva chiyani!"

Anatola ndodo, naigunditsa pachifuwa panga, n'kuluma ndi mano ochepa amene anawatsalira. Anatsinzina.

"Mukugogoda, alamu," anatero. "Pansi penipeni. Musamakwere mtunda uno ndi katundu."

Ndinawauza kuti ndi nkhalamba yopanda nzeru. Anati tiyi kulibe, wophika ndinawalanda ndine. Ndinatsika. Sitinaonanenso.

Damiano anabwera ku maliro, naye imvi zitayamba. Titachoka kumanda anandipempha, monga malume ake, kuti ndikhalepo potsegula chisakasa. Munalibe zambiri. Masipanala a dzimbiri, zigubu, malamba akale. Pa thabwa la pamwamba, kuseri kwa chigubu, panali kabokosi kokulungidwa m'nsanza. Damiano anakatsegula. Munali tizitsulo topindika ngati mwezi ukangooneka, tonyezimira, tosagwirapo ntchito, tili m'mapepala ake a mafuta. Anatembenuza kabokosiko, anakayang'anitsitsa, kenako anakhala pansi pa dothi ndi suti yake.

"Malume," anatero, "awa ndi mabeyaring'i a galimoto yanga ija."

Injini yobooka siifuna mabeyaring'i. Anawagula isanabooke. Anatsika okha kukawagula, anabwera nawo, anawaika pamwamba, ndipo tsiku lililonse ankalowa m'chisakasamo akuwadutsa pansi pake.

Panja mng'ono wawo uja anali atakhala ndi anthu ake, akugawa zovala za malemu. Damiano anayang'ana kumeneko, nandifunsa ngati awauze. Ndinamuyankha kuti bambo ake anati injini inalibe vuto, ndipo ine sindinamvepo a Fabiano akunama za injini. Anandiyang'ana, naika kabokosiko m'thumba la jekete. Zimene ndalembazi ndi za mbumba yathu. Zisakwere mtunda mng'ono wawoyo akadali moyo.

Chisakasa chilipo. Malata ena anapita ndi mphepo. Tcheni chikadali pa nthambi, chalowa m'khungwa la mtengo. Chigoba chokokera chija ndi pikapu ya Damiano zaima moyandikana, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando pamene a Fabiano ankakhala opanda nsapato. Ndodo ili pa msomali pafupi ndi chitseko. Pogawa katundu palibe anaifuna, chifukwa cha zipsera za mano. Kumanda a kwawo agona mbali imodzi ya malo a anthu awiri aja. Mbali inayo kuli udzu.

Ndawerenga zimene zinatayika pa mtunda uja. Galimoto imodzi. Kachewere wa alimi wa chaka chimenecho. Mwana mmodzi, ndi zidzukulu zimene zinakulira kutali osadziwa agogo awo. Dzina la munthu amene sankanama za injini. Malo amodzi a manda amene simudzagona munthu. Kwa ine, mlamu mmodzi, ndipo wina ndinalibe.